Chifundo chikakhalitsa pamalo chimayamba kufunsa

Mayi amene anandiphunzitsa nkhaniyi analibe udindo uliwonse. Ankangothandiza mongodzipereka pamsasa wa anthu othawa madzi osefukira, kumene ine ndinakakhalako masabata awiri okha. Ntchito yawo inali kulemba maina a mabanja amene alandira mabulangete, ndowa ndi mapepala apulasitiki ofolerera zisakasa. Anali ndi kope lachikuto cholimba lomwe linanyowapo n'kuuma kangapo, moti masamba ake anali okwinyikakwinyika ndipo inki inali itayenderera m'mphepete. Tsiku lina madzulo, mzere wa anthu utatha, anandikodola. "Mwanangu, tabwera udzaone." Anatsegula koyambirira kwa kope, tsamba la chaka china, n'kuika chala pa dzina la mayi wina. Anatsegula pakati, chaka chotsatira, dzina lomwelo. Kumapeto, patsamba la tsiku lomwelo, dzina lija linaliponso. Anandionetsa mabanja otero mpaka ndinasiya kuwerenga. Kenako anatseka kopelo n'kunena kuti: "Ndowa yachitatu iyi ndamupatsa mayi ameneyu. Tsopano ndikufuna ndidziwe chimene chimamubwezera kuchigwa kuja chaka ndi chaka, komanso mwini wake wa malo akumtunda aja amene angokhala opanda munthu."

Mawa lake anakafunsadi funsolo kwa bwana wina amene anabwera kudzayendera msasawo. Yankho lake ndinalimva ndi makutu angawa: "Mayi, inu ntchito yanu ndi kulemba maina. Zandalezi tisiyireni." Bwana yemweyo anali atangowayamikira pagulu kuti ndi mayi wamtima wabwino, chitsanzo kwa tonse.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuona chinthu chimodzi m'miyoyo ya anthu amene anadzipereka kotheratu pothandiza ovutika. Munthu akakhalitsa pafupi ndi mavuto a anzake, maso ali otsegula, imafika nthawi yoti kupereka kokha sikumukwaniranso. Amayamba kufunsa kuti bala limene akumangali akulitema ndani. Ndipo ife oonerera timamukonda kwambiri pamene akumanga bala, koma akangotsegula pakamwa timati wayamba ndale, wina wamutuma, akufuna kutchuka. Apa ndi pamene timalakwa, chifukwa funsolo limabadwa m'chifundo chomwecho chimene tinkaombera m'manja dzulo.

Bishopu wamkulu wa ku Recife m'dziko la Brazil, Hélder Câmara, amakumbukiridwa ndi mawu oti akapatsa osauka chakudya anthu ankamutcha woyera, koma akafunsa chifukwa chimene osaukawo alibe chakudya ankamutcha wachikomyunizimu. Mnzake wa ku El Salvador, Óscar Romero, analipira zoposa kunyozedwa. Pamene ankasankhidwa kukhala bishopu wamkulu wa San Salvador mu 1977, olemera ndi akuluakulu a boma anakondwa poganiza kuti apeza munthu wofatsa, wa mabuku, wosasokoneza. Patangotha masabata ochepa, bwenzi lake, wansembe Rutilio Grande amene ankagwira ntchito pakati pa alimi osauka, anaomberedwa panjira pamodzi ndi nkhalamba ina ndi mnyamata. Romero anapita kukaona mitemboyo ndipo sanakhalenso munthu yemwe uja. Ulaliki wake wa Lamulungu unkamveka pawailesi m'dziko lonselo, ndipo mu ulalikiwo ankatchula maina a anthu amene aphedwa kapena kusowa sabata imeneyo, mmodzimmodzi. Pa 23 Malichi 1980 anachonderera asilikali kuti aleke kupha abale awo, nati palibe msilikali wokakamizika kumvera lamulo lotsutsana ndi lamulo la Mulungu. Tsiku lotsatira anamuombera ali paguwa, akuchita Misa m'katchalitchi ka pachipatala china. Mpingo wake unamulengeza kuti ndi woyera mu 2018, patapita zaka 38. Ali moyo, ena mwa mabishopu anzake ankamuneneza kuti wasandutsa guwa kukhala nsanja yandale.

Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yothandiza anthu pa ngozi ndi pankhondo inayamba ngati chifundo chopanda mafunso, ndiye omenyera chilungamo anabwera pambuyo kudzaisokoneza. Mbiri ya Red Cross yeniyeniyo ikukana zimenezo. Henri Dunant anali wabizinesi wa ku Geneva amene ankasaka mfumu ya France, Napoleon III, kuti akambirane za bizinesi yake ya ku Algeria. Ulendowo unamufikitsa pafupi ndi Solferino, kumpoto kwa Italy, pamene pa 24 Juni 1859 asilikali a France ndi Sardinia anamenyana ndi a Austria. Tsiku limodzi lokha linasiya anthu pafupifupi 40,000 atafa kapena atavulala, ndipo ovulalawo analibe owasamalira okwanira. M'tauni ya Castiglione tchalitchi chinadzaza ndi anthu obuula. Dunant anasiya zimene anabwerera, n'kuyamba kutunga madzi, kutsuka mabala ndi kulemba mauthenga omaliza a anyamata amene ankamwalira. Amayi a m'tauniyo anagwira naye ntchito, ndipo posafuna kusankha kuti uyu ndi wathu, uyu ndi mdani, ankanena m'chinenero chawo kuti onse ndi abale.

Akanalekera pomwepo, bwenzi lero tikumukumbukira ngati mlendo wachifundo amene anathandiza masiku angapo n'kubwerera kwawo, mwinanso osamukumbukira n'komwe. Koma iye anabwerera ku Geneva ndi funso limene linkamusowetsa tulo: zimatheka bwanji kuti mayiko atumize anyamata masauzande kunkhondo osakonzekera amene adzawatole akavulala? Analemba buku mu 1862 n'kulitumiza kwa mafumu ndi akuluakulu a asilikali. Mu 1863 komiti imene inadzakhala Red Cross inakhazikitsidwa, ndipo mu 1864 mayiko 12 anasaina pangano loyamba la Geneva, lonena kuti wovulala asamalidwe posaona mbali yake ndipo omusamalirawo asaomberedwe. Nsalu zomangira mabala za ku Castiglione zinathandiza anthu a sabata imeneyo. Panganolo lakhala likuteteza anthu kwa zaka zoposa 160, ngakhale kuti ambiri amaliphwanya. Mwini wakeyo sanapindule nazo. Bizinesi yake inagwa mu 1867, anachoka ku Geneva ali ndi ngongole ndi manyazi, ndipo anakhala zaka zambiri ali mphawi woiwalika mpaka mtolankhani wina anakamupeza m'nyumba yosungira okalamba ku Heiden mu 1895. Mphoto yoyamba ya Nobel ya mtendere, ya mu 1901, inamupeza ali m'kachipinda komweko, ndipo anamwalira komweko mu 1910.

Chifukwa chimene funsoli lili lofunika chonchi n'chakuti mavuto ambiri amene timawatcha tsoka amakhala ndi dzanja la munthu mkati. Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India, anaona njala ya ku Bengal ya mu 1943 ali mwana wa zaka 9. Atakula anaifufuza n'kusonyeza kuti anthu mamiliyoni amene anafa sanafe chifukwa choti chakudya chinatheratu m'dzikomo. Chakudya chinalipo, koma mitengo inakwera mopitirira zimene aganyu, asodzi ndi amisiri ang'onoang'ono akanakwanitsa. Anasonyezanso kuti njala yopululutsa anthu siigwa m'dziko limene olamulira amaopa kuchotsedwa ndi mavoti ndipo manyuzipepala ali ndi ufulu wolemba. Tanthauzo lake ndi lolemera. Mtolankhani wolemba za nkhokwe zodzaza pamene anthu akufa, ndi mayi wofunsa mwini wa malo akumtunda, onsewo akugwira ntchito yopulumutsa miyoyo mofanana ndi amene wagwira chikombe akugawa.

Nkhani ya mankhwala otalikitsa moyo kwa anthu amene ali ndi HIV ndi umboni umene ambiri a ife tinauona ndi maso. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mankhwalawo analipo, ndipo m'mayiko olemera anthu anali atayamba kudzuka pamphasa. Kumayiko osauka anthu achifundo ankasambitsa odwala, kuwatembenuza, kuwagwira dzanja mpaka kumapeto, kenako kulera ana amasiye. Inali ntchito yopatulika ndipo sindingainyoze ngakhale pang'ono. Koma maliro sanachepe nayo. Ku South Africa gulu la Treatment Action Campaign linayamba mu Disembala 1998, mwezi womwewo umene Gugu Dlamini anaphedwa ndi anthu a m'dera lake chifukwa choulula poyera kuti ali ndi kachilomboka. Mmodzi mwa oyambitsa gululo, Zackie Achmat, anali ndi HIV ndipo akanatha kupeza mankhwala, koma anakana kumwa mpaka boma litavomera kuwapereka kwa aliyense. Anadwala kwambiri, Nelson Mandela anakamuona kunyumba kwake mu 2002, koma iye anapirira mpaka 2003. Pakati pa zaka zimenezo makampani 39 opanga mankhwala amene anasumira boma la South Africa anachotsa mlandu wawo ku Pretoria mu Epulo 2001, atachita manyazi ndi mkwiyo wa anthu padziko lonse. Chaka chomwecho kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti ipereka mankhwala a chaka chathunthu pa madola 350, pamene mtengo wake unali woposa madola 10,000. Mu 2002 khoti lalikulu la ku South Africa loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula boma kuti lipereke mankhwala oteteza ana obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilomboka. Anthu amene anachita zimenezi ankatchedwa osokoneza ndi otumidwa. Lero anthu mamiliyoni ambirimbiri amamwa piritsi lawo m'mawa n'kupita kuntchito.

Pali mfundo yotsutsa imene ndimailemekeza, ndipo sindikufuna kuidumpha. Wothandiza akayamba kuloza chala, zitseko zimatsekeka, ndipo ovutika ndi amene amalipira. Komiti ya Red Cross ya ku Geneva imayendera akaidi m'mayiko ambiri chifukwa choti zimene yaona imakambirana ndi olamulira mwachinsinsi, osazitulutsa panja. Inkafika ngakhale ku Robben Island pamene Mandela ndi anzake anali m'ndende, ndipo akaidiwo anadzachitira umboni kuti maulendowo anasintha zinthu zina pa moyo wawo. Kwa mkaidi amene sanaone munthu wakunja kwa chaka chathunthu, mlendo wosalankhula panja ndi wamtengo wapatali kuposa wolankhula amene waletsedwa kulowa. Pali anthunso ngati Abdul Sattar Edhi wa ku Karachi m'dziko la Pakistan, amene moyo wake wonse unathera poyendetsa ambulansi, kusambitsa mitembo yopanda abale ndi kuika timabedi ta makanda pakhomo pa maofesi ake kuti mayi wosowa pogwira asiyepo mwana m'malo momutaya. Iye ndi mkazi wake Bilquis analera ana masauzande mwa njira imeneyo. Ndani angayerekeze kunena kuti moyo wotero unaperewera?

Komabe chete ali ndi mtengo wake, ndipo Red Cross yomweyo inadzavomereza poyera kuti inalephera pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene inadziwa za kuphedwa kwa Ayuda koma osafuula. Madokotala ena a ku France amene anagwira ntchito ku Biafra, dera limene linkafuna kudzipatula ku Nigeria, pankhondo ya 1967 mpaka 1970 anabwerako atatopa ndi lamulo lokhala chete, ndipo mu 1971 anagwirizana ndi atolankhani kuyambitsa Médecins Sans Frontières, bungwe lochiza komanso lochitira umboni zimene laona. Mu 1994, anthu akupululidwa ku Rwanda, bungwelo linanena poyera kuti madokotala sangaletse kupululidwa kwa mtundu wa anthu, ndipo linapempha mayiko kuti alowererepo. Maganizo anga ndi akuti kukhala chete kungakhale chida chimene munthu wasankha mtima ukuwawa, kuti chitseko china chisatsekeke. Zikatero pafunika wina panja amene wasenza funsolo. Chimene ndimakana ndi chizolowezi cha olamulira, ndi chathu chomwe, chotenga wothandiza wachete n'kumusandutsa chikwapu chokwapulira wolankhula, kumati taonani mnzanu uyu amangogwira ntchito osadandaula. Edhi yemweyo sanali wachete monga ena amafunira kumukumbukira. Ankadzudzula atsogoleri achipembedzo ndi andale, ndipo ena ankamutcha wosapembedza chifukwa ambulansi yake sinkafunsa chipembedzo cha wovulala.

Ndivomerezenso kuti pali olankhula amene sanagwirepo bala la munthu. Amadziwa mawu onse oyenera, amayenda m'misonkhano, amajambulitsa ndi ana a eni ake osapempha, ndipo vuto likachoka m'nyuzi nawonso amachoka. Anthu otere ndi amene amachititsa kuti mawu oti womenyera ufulu azimveka ngati dzina la ntchito yamalipiro. Mphamvu ya funso imachokera pamene wofunsayo waima. Funso la mayi uja linali lolemera chifukwa cha kope lonyowa lija ndi zaka zitatu zoimirira padzuwa. Wangari Maathai wa ku Kenya anayamba mu 1977 ndi kubzala mitengo pamodzi ndi amayi akumudzi amene ankayenda mitunda italiitali kusaka nkhuni ndi madzi. Mitengoyo ndi imene inamufikitsa pofunsa za anthu ogawana nkhalango ndi malo a boma, ndipo anamenyedwa mpaka kukomoka mu 1992, n'kuvulazidwanso m'mutu kunkhalango ya Karura mu 1999. Pamene ankalandira mphoto ya Nobel mu 2004, anali atayenda kale m'matope zaka 27.

Zoti moyo wotere ndi wokoma tisanamizane. Walira mvula walira matope. Ana a anthu otere amakula akugawana kholo lawo ndi khamu la alendo, ndipo ena amakula ndi chidandaulo chimene sangachinene poyera, chifukwa ungadandaule bwanji za munthu amene dziko lonse likumutamanda? Maukwati amagwedezeka. Thupi limatopa, mtima umafika pouma, munthu n'kudzidabwa kuti waona mwana akumwalira koma misozi osatuluka. Ndiye pali imfa yeniyeni. Tsiku la 19 Ogasiti linapatulidwa kukumbukira ogwira ntchito zothandiza anthu chifukwa pa tsikulo mu 2003 bomba linaphulika pa ofesi ya United Nations ku Baghdad n'kupha anthu 22, kuphatikizapo Sérgio Vieira de Mello, mkulu woimira bungwelo ku Iraq. Mu 2024 mokha ogwira ntchitozi oposa 300 anaphedwa, ambiri mwa iwo ku Gaza. Ndipo chaka chilichonse ochuluka mwa ophedwawo amakhala eni dziko: madalaivala, anamwino, alonda, omasulira, anthu amene zinthu zikavuta alibe ndege yowathawitsa ndipo maina awo safika m'nyuzi zakunja.

N'chifukwa chake ndimachita mantha ndi liwu loti "anthu apadera". Tikamutcha munthu wapadera timakhala ngati tamulemekeza, koma mkati mwake tadzimasula. Tanena kuti iye analengedwa mwina, ife ndife anthu wamba, choncho katunduyo ndi wake. Pomwe ukayang'anitsitsa moyo uliwonse mwa imeneyi umapeza kuti mutu umodzi sunasenze denga. Kumbuyo kwa Dunant kunali amayi a ku Castiglione amene maina awo sitiwadziwa. Kumbuyo kwa Achmat kunali amayi masauzande a m'makomboni amene anavala malaya olembedwa kuti ali ndi HIV pa nthawi imene kutero kunali kuika moyo pachiswe. Chimene anthu odziperekawa amasowa kwa ife si maluwa a pamaliro. Amasowa kuti pa tsiku limene afunsa funso lovuta, ndipo bwana wawauza kuti zandale azisiye, pakhale wina woimirira pambali pawo n'kunena kuti nanenso ndikufuna yankho lomwelo. Pamsasa paja ine ndinangokhala duu, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Mayiwo sanaleke. Ndinadzamva kuti m'kope lawo lotsatira anawonjezera mzere wolemba malo amene banja lililonse linachokera ndi kangati lasamuka, kuti tsiku lina pasadzapezeke wonena kuti sankadziwa.

Dokotala Denis Mukwege anatsegula chipatala cha Panzi ku Bukavu, kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, mu 1999. Cholinga chake chinali kuthandiza amayi pobereka, koma odwala amene anayamba kufika anali amayi ogwiriridwa ndi kuvulazidwa koopsa ndi magulu a zida. Anachita maopaleshoni zaka ndi zaka, tsiku lina maola oposa khumi, osalankhula zambiri panja. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti chimene chinamutulutsa m'chipinda cha opaleshoni ndi kuona ana obadwa kwa amayi amene anawachiza kale akubwera nawonso ndi mabala omwewo. Mu Seputembala 2012 analankhula ku United Nations, kudzudzula boma la dziko lake ndi mayiko ena chifukwa cholekerera nkhondo imene chuma cha m'migodi chimaikolezera. Mwezi wotsatira anthu a mfuti analowa panyumba pake, anagwira ana ake aakazi n'kumudikirira. Atafika anaombera, wantchito wake amene anafuula pomuchenjeza anafa, iye anapulumuka podzigwetsa pansi. Anathawira ku Ulaya ndi banja lake.

Amene anamubweza ndi odwala ake. Amayi osauka, ambiri mwa iwo amene anapita pansi pa mpeni wake, anayamba kugulitsa zokolola zawo n'kumasonkha ndalama za tikiti ya ndege. Anabwerera mu Januwale 2013, ndipo anthu anandanda m'mbali mwa msewu kuchokera kubwalo la ndege kukafika mumzinda. Mphoto ya Nobel inadzabwera mu 2018, pamodzi ndi Nadia Murad wa ku Iraq. Koma pa masiku oyambirira aja, dokotalayo atasamukira m'kati mwa mpanda wa chipatala chifukwa kunyumba kunali kosakhalika, amayiwo anagawana m'magulu n'kumasinthana kulondera pachipata usana ndi usiku, alibe mfuti ngakhale imodzi.